WAILESI YA M'CHIGUBU

Kwathu ndi ku Mpingu, m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, mukangopitirira pa Chitedze koma musanafike pa Msundwe. Kumeneko kuli mkulu wina wa zaka zoposa 80 amene sayenda popanda chigubu chachikasu cha malita 5 m'manja. Akamapita kudimba amachinyamula, akakhala pakhonde amachiika pafupi ndi mwendo, ndipo usiku chimagona kumutu kwa mphasa. Mlendo angayese kuti muli madzi kapena thobwa, komatu chigubucho chimaimba. Mkuluyo ndi bambo anga, ndipo amene adachipanga ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene ine ndidatsala pang'ono kumusiyitsa sukulu chifukwa cha ntchito yomweyo. Ndalemba nkhaniyi kuti ndiulule kulakwa kwanga pamaso pa anzanga a m'kagulu kathu ka alembi, pakuti ndikhulupirira kuti pa koleji pano sindili ndekha wolakwa motere.

Nkhaniyi idayamba mu 1988, chaka chimene njira ya ku migodi ya ku Joni kudzera ku TEBA idatsekeka kwa Amalawi. Bambo adabwerako ndi sutikesi yachitsulo, mabulangete awiri ndi wailesi ya kaseti ya masipika awiri, yodya mabatire akuluakulu 6. M'mudzi mwathu mudali kale mawailesi a Nzeru, aja ankalumikizidwa ku Blantyre, koma amenewo ankangonena zimene a MBC afuna kunena. Ya bamboyi idali ina. Munthu unkasankha wekha woti akuimbire, kaya Allan Namoko, kaya Robert Fumulani, kaya Alleluya Band ya ku Balaka, ndiponso idali ndi kabatani kofiira kogwira mawu a munthu n'kuwasunga. Mayi adailukira kansalu koifunditsa, ndipo ife ana lamulo lidali lakuti tiziiona ndi maso okha. M'miyezi yoyandikira referendamu ya pa 14 June 1993, abambo a m'mudzi ankabwera usiku mmodzimmodzi, chitseko n'kutsekedwa, mawu n'kutsitsidwa, kuti amve nkhani za m'Chinyanja zochokera ku South Africa. Kwa ife wailesiyo idali ngati munthu wamkulu wa pakhomo.

Mu 1995, ndili Sitandade 8, mbali ya kaseti idaleka kuzungulira. Mbali ya nkhani inkalankhulabe bwinobwino. Tsiku lina bambo atapita kumaliro ku Nsaru, ine ndidatenga mpeni wa kukhitchini n'kumasula timisomali topotokola tija timati masikulu, pofuna kuwadabwitsa akamabwera. Ndidadabwa ndine. M'katimo mudali timawaya tamitundumitundu, ndipo posuzumira uku ndi uku ndidadula kaulusi koyendetsa muvi wosakira masiteshoni, kenaka ndidathyola kandodo kakuda kokulungidwa ndi waya kamene kamakoka mawu a mumlengalenga. Pobwezera chivundikiro, masikulu atatu adatsala m'manja mwanga osadziwa kwawo. Wailesi idangoti zii. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo phula limene ndidadya madzulo amenewo lidali nthambi ya pichesi. Koma chimene chidakhalitsa kuposa mikwingwirima ndi mawu amene bambo adanena atatopa: "Manja akowo azigwira pensulo basi."

Ndidamvera. Ndidagwira pensulo mpaka ku sekondale, mpaka kuno, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindidatsekulenso kanthu kalikonse kokhala ndi waya m'kati. Wailesi ija adaiika m'thumba la feteleza n'kuipachika kudenga la chigafa cha fodya, kumene idakhala zaka 28.

Mu December 2023 ndidapita kumudzi kukadya Khirisimasi. Mlongo wanga adandilandira ndi madandaulo. Mwana wake wachisamba, amene adali Folomu 3 pa sekondale yoyendera ndipo fizi ndinkamulipirira ndine, adali atalephera mayeso a fizikisi. Chifukwa chake, anatero mlongo wanga, chidali kunsi kwa bedi. Nditasuzumira ndidapezako makatoni awiri odzaza ndi matochi akufa, mafoni osweka, nyale za sola zong'aluka ndi mawaya opiringizana. Akuti akaweruka kusukulu ankakhala pa Mpingu pamene pali okonza mafoni ndi mawailesi, kuwapempha zimene afuna kutaya, ndipo akapeza ndalama ya ganyu ankapalasa njinga mpaka ku msika waukulu wa ku Lilongwe kukagula tizitsulo tosadziwika ntchito yake. Ndidamuitana pamaso pa anthu onse.

"Iwe, ndalama zanga sindikulipirira zinyalala ayi. Ukapitiriza zimenezi, teremu ikubwerayi udzilipirire wekha."

"Ndamva, atsibweni," adayankha atagwada, maso ali pansi.

Bambo adali pakhonde, ndipo ngakhale maso awo adachita khungu pang'ono, makutu akadali akuthwa. Inu mukudziwa mmene chibale chathu chimakhalira: pakati pa mwana ndi bambo wake pamakhala mpanda, koma mdzukulu ndi agogo ake amadyera m'mbale imodzi ndipo amaseleulana ngati anzake a msinkhu umodzi. Adaitana mnyamatayo.

"Bwera kuno, mnzanga. Kwera m'chigafamo utsitse thumba lili kudengalo. Atsibweni akowa adayamba ntchito mu 1995 koma sadaimalize. Uimalize ndiwe."

Anthu adaseka, ine ndidasowa poyang'ana. Ndipo popeza ndidalibe kothawira, sabata yonseyo ndidakhala pansi pa mtengo wa mango kuonerera mwana amene ndidamudzudzula akugwira ntchito.

Chinthu choyamba chimene ndidaphunzira n'chakuti iye safunsa ngati wailesi yafa. Amafunsa kuti m'wailesimo chafa n'chiyani. Adamasula zonse n'kuziyala pa thumba, masikulu akuwaika m'chivundikiro cha botolo motsatana ndi mmene adawachotsera. Adatenga batire limodzi la tochi n'kugundanitsa ndi mawaya awiri a sipika yoyamba: chete. Pa yachiwiri padamveka kuti khwe, khwe. "Iyi ili moyo," adatero. Adandionetsa kuti sipika ndi zinthu zitatu chabe: maginito, kawaya kowonda kokulungidwa mozungulira, ndi chipepala chonga mbale. Magetsi akamadutsa m'kawayako, maginito amakakoka ndi kukakankha, chipepala n'kumanjenjemera, ndipo kunjenjemera kumeneko ndiko kumafika m'khutu ngati nyimbo. Chipepalacho mphemvu zidali zitachiboola pawiri. Iye adachimata ndi guluu ndi kapepala kopyapyala, n'kuchiyanika pamthunzi.

Chachiwiri chidali mphamvu. Mabatire 6 a bambo aja, lililonse la mavolti 1.5, ankapereka mavolti 9, ndipo ankatha msanga kotero kuti mayi ankawayanika padzuwa poyesa kuwatsitsimutsa. Mnyamatayo adatulutsa m'katoni yake batire lakufa la laputopu limene adali atalisenda kale. M'kati mwa batire lotere mumakhala timabatire tozungulira totchedwa 18650, chifukwa m'mimba mwake ndi mamilimita 18 ndipo m'litali ndi 65, ndipo kalikonse kamapereka mavolti 3.7. Adandiuza kuti kawirikawiri kamafa ndi kamodzi kapena tiwiri, koma mwini laputopu amataya tonse. Pa tisanu ndi kamodzi timene adapeza, tinayi tidali tabwino. Kuti tizidzaza bwino osapsa, adatilumikiza ku kabolodi kochokera mu power bank yosweka, kamene kamaletsa magetsi batire likadzaza ndiponso kamakweza mphamvu kufika pa mavolti 5. Pamwamba pake adaikapo kagalasi ka sola kochokera pa nyale yakufa.

Apa ndiyenera kuchenjeza aliyense wofuna kuyesa. Timabatire timeneti tili ndi ukali: mawaya ake awiri akagundana, kapena kakabooledwa, kapena kakadzazidwa mopyola muyezo, kamatentha mpaka kuyaka moto. Mnyamatayo adandionetsa chipsera pa chala chake chachikulu ndi dzenje lakuda pa thebulo la mayi ake. Adaphunzira zimenezi ndi khungu lake, chifukwa padalibe womuuza.

Chachitatu chidali mutu wa chinthucho. Mbali yosakira masiteshoni ya wailesi ya bambo ndidali nditaipha ine, tsono adatenga kabolodi kobiriwira kochepa ngati bokosi la machesi, kochokera mu kawailesi kena kamakono kamene kadapondedwa ndi ngolo. Chikwama chake chidali chitaphwanyika koma kabolodiko kadali ndi FM, kadali ndi pobayira memory card ndiponso kadali ndi kachipangizo kokuza mawu. Chitsulo chowotcherera mawaya adalibe. Ankaika msomali waukulu pa makala a mbaula, chogwirira chake chili chitsononkho, ndipo mtovu ankausungunula kuchokera pa mabolodi akale. Ntchitoyi ankaichitira panja, mphepo ikuomba, pakuti adamva kwa okonza mafoni kuti utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Eriyo idali sipokosi ya njinga, swichi idachokera pa tochi.

Atalumikiza zonse, nyimbo idamveka, koma mawu ake adali owonda ngati a udzudzu. Ine mumtima ndidati, ndi zomwezi basi? Iye sadanene kanthu. Adatenga chigubu cha mafuta ophikira, adachitsuka ndi phulusa, adaboola chibowo chozungulira ndi mpeni wotentha, n'kukhazikamo sipika ija. Mawu adasintha nthawi yomweyo, adanenepa, ng'oma idayamba kumveka pachifuwa. Nditamufunsa chifukwa chake adati: "Chipepalachi chikamakankha mphepo kutsogolo, kumbuyo chimakhala chikukoka. Mphepo ziwirizo zikakumana zimaphana. Chigubu chimazilekanitsa." Nditabwerera kuno ndidakafufuza m'mabuku ndipo ndidapeza kuti n'zoona ndithu, kungoti mabukuwo amazinena m'Chingerezi ndi m'masamu. Mwana amene adandifotokozera zimenezi m'mawu osakwana makumi awiri ndi yemwe uja adalephera fizikisi.

Pomangirira sipika ku chigubu masikulu adaperewera. Bambo adatuma mwana kukatenga chitini chakale cha bisiketi chimene amasungiramo makaseti awo. Pansi pa makasetiwo, m'kapepala, mudali masikulu atatu aja adatsala m'manja mwanga mu 1995. Sadanene kanthu, ndipo inenso sindidafunse.

Chitini chimenecho ndicho chidabweretsa ntchito yomaliza. Mudali kaseti ina yosalembedwa dzina, ndipo bambo adaifufuza ndi zala mpaka adaipeza. "Iyi ndiyo ndifuna," adatero. Mayi anga adamwalira mu 2009, ndipo pakhomo pathu padalibe chithunzi chawo china koma cha pa chiphaso. Kaseti ija adaijambula ndi bambo mu 1991 ndi kabatani kofiira kaja, tsiku limene amayi anzawo a Chigwirizano adabwera kudzaphunzira nyimbo pakhonde pathu.

Mnyamatayo adabwerera ku mafupa a wailesi yakale ija. Pamene payenera kukhala kalamba ka mphira kolumikiza mota ndi gudumu lozunguza kaseti, adapeza phula lakuda lomata. Kalambako kadali katangokalamba n'kusungunuka. "Atsibweni, chidavuta nthawi ija ndi ichi chokha," adatero mopanda chipongwe chilichonse. Kamphira kosakwana mtengo wa chikho cha tiyi! Zina zonse ndidapha ndine. Adadula kalamba kena kuchokera ku chubu ya njinga, adapukuta ndi thonje ndi sipiriti kachitsulo kamene kamawerenga kaseti, adalumikiza timabatire tiwiri motsatana kuti mphamvu iyandikire mavolti 9, n'kukanikiza batani. Timagudumu tapulasitiki tidali tong'aluka, tsono adatichenjeza kuti mwina tizungulira kawiri kapena katatu kokha.

Mudamveka phokoso ngati la mvula, kenaka mawu a anthu akuimba, okhuthala, okoka ngati a munthu wotopa.

"Iyayi," adatero bambo. "Agogo ako sankaimba ngati mwamuna. Yafulumizitse."

Kaseti, kuyambira pamene a Philips adaitulutsa mu 1963, imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi iliyonse. Ikachedwa mawu amatsika, ikafulumira amakwera ngati a mwana. Chida choyezera liwiro limeneli padalibe. Koma kumbuyo kwa mota kudali kabowo, ndipo m'kabowomo mudali kasikulu kosinthira liwiro. Mnyamatayo adalowetsamo waya wophwanyidwa kunsonga n'kumapotoza pang'onopang'ono, maso ali pa agogo ake. Bambo adatseka maso, mutu atapendeketsa. Mawu aja adayamba kukwera, kukwera, mpaka bambo adakweza dzanja.

"Pamenepo. Usagwirenso."

Adali mayi. Nyimbo itatha amayiwo adaseka, wina adatsokomola, kenaka mudamveka mawu awo akufuula chapatali: "Iwe, thamangitsa nkhukuzo, zitha ufa!" Amene ankatumidwayo ndidali ine. Mlongo wanga adalowa m'nyumba atagwira chitenje kukamwa. Mnyamatayo, amene agogo ake aakazi adawaona ali wakhanda, ndiye yekha adakumbukira ntchito: adali atagwira foni pafupi ndi sipika kujambula zonse. M'mawa mwake adapita pa Mpingu kwa anyamata oika nyimbo m'makhadi, ndipo adabwera ndi kakhadi kokhala ndi mawu a mayi pamodzi ndi nyimbo za Namoko, Fumulani ndi Giddes Chalamanda, monga adalamulira mwini chigubu. Timagudumu tija tidathyoka pa ulendo wachitatu.

Anzanga, luso limeneli si lachilendo m'dziko muno. Tonse tidakula tikupanga magalimoto a mawaya, ndipo oimba ambiri amene timawanyadira adayambira pa banjo ya chitini cha mafuta. Anyamata a Madalitso Band adachoka m'misewu ya Lilongwe mpaka kukaimba ku Ulaya ndi babatoni wopanga okha. Pamene a Sony adatulutsa Walkman mu 1979 kuti munthu aziyenda ndi nyimbo zake, kuno adali maloto a olemera okha. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse zinkaunikira ndi magetsi, tsono n'zosadabwitsa kuti mwana wa kumudzi wofuna nyimbo amayamba ndi funso lakuti mphamvu aitenga kuti. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adayambanso ndi kumasula mawailesi akufa asanamange makina ake a mphepo mu 2002, ndipo anthu ankamuyesa wamisala. Gabriel Kondesi wa ku Mulanje adamanga siteshoni ya wailesi yotchedwa Pachikweza ndi zipangizo zakale, ndipo dziko lidamudziwa mu 2009 atamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chilolezo. Khalidwe lathu ndi lomweli: mwana wotere timayamba tamuseka kapena kumukwapula, ndipo timadzamuombera m'manja alendo akatiuza kuti ndi wanzeru.

Sindikutamanda umphawi ayi. Msomali wa pa mbaula si wabwino kuposa chitsulo cha magetsi, ndipo chipsera cha pa chala chija chikadapeweka mwanayo akadadziwa masamu ochepa a mavolti. Kamkwamba yemweyo adafunika buku la mu laibulale kuti manja ake adziwe kolowera. Chimene ndikunena n'chakuti pakhomo pathu manja ndi buku tidazilekanitsa. Ine adandipatsa pensulo n'kundilanda mpeni, ndipo ndidakula ndikudziwa maina a zinthu zimene sindingathe kuzitsekula. Mwana wa mlongo wanga adali ndi mpeni, ndipo ine ndidafuna kumulanda pensulo. Tikadapitiriza motero, mawu a mayi akadakhala m'chitini mpaka kaseti itaola. Ndipo nthawi ikutithera, chifukwa zipangizo zambiri za masiku ano amazimata ndi guluu m'malo mwa masikulu, kotero kuti mwana wofuna kuona m'kati amayenera kuswa.

Inu aphunzitsi athu, m'makalasi mwanu muli ana angati amene kunsi kwa bedi lawo kuli katoni yotere koma amachita manyazi kuitchula? Nanga m'maofesi angati m'dziko muno muli zipinda zokiyidwa zodzaza ndi makompyuta akufa, odikira tsiku lokatayidwa, pamene ku Mpingu mwana akupalasa njinga mtunda wonsewo kukapempha batire limodzi?

Ine fizi ndidalipira mpaka mnyamatayo adamaliza Folomu 4. Ndidamugulira kamita koyezera magetsi ndi buku limodzi la fizikisi, ndipo tidapangana kuti iye azindiphunzitsa kuwotcherera mawaya, ine ndizimuthandiza Chingerezi cha m'bukulo. Mtima wake uli pa sukulu ya ntchito zamanja ya ku Namitete, imene kale ndinkaiona ngati kopita olephera. Kupepesa kwenikweni sindidapepese, pakuti mtsibweni sagwadira mwana wa mlongo wake, koma tsiku lina ndidamubweretsera wailesi yanga yakufa ya m'galimoto n'kumufunsa kuti chafa n'chiyani. Adamwetulira, ndipo ndiyesa adamva.

Ndikapita kumudzi ndimapeza bambo pakhonde, chigubu chili padzuwa kuti chidye. Madzulo amachikokera pafupi n'kufufuza batani ndi chala. Amayi a Chigwirizano amaimba, amaseka, wina amatsokomola, kenaka mayi amafuula za nkhuku zija. Pamenepo bambo amatembenukira kumene ndakhala.

"Wamva? Amako akukutuma."